Malo a pa intaneti oikapo mavidiyo a nyimbo: zimene oimba a ku Sasare afunika kudziwa

Oimba odziimila paokha ndi aja amene alibe kampani yowajambulitsa nyimbo ndi kuwagulitsila. Ku Sasare, dela la kumpoto kwa tauni ya Petauke lodziwika ndi mgodi wakale wa golide, komanso m'midzi ya ku Nyimba, oimba otele ndi monga makwaya a m'machalichi, magulu a magule a Ansenga ndi acinyamata ojambula nyimbo m'masitudiyo ang'onoang'ono. Vidiyo ikatha kujambulidwa, pamabwela funso lakuti iikidwe kuti. Yankho lake litsamila pa zinthu zitatu: kumene kuli oonelela, ndalama zimene adzaononga pa mabandulo, ndi amene adzakhala mwini wa nyimboyo ikafalikila.

Nyimbo za dela lino zinayamba kale kupita kutali. M'caka ca 1961 katswili wofufuza za nyimbo, John Blacking, anafika m'boma la Petauke ndipo analemba za kaimbidwe ka kalimba ka Ansenga. Masiku amenewo nyimbo inali kutuluka m'mudzi ngati mlendo wabwela ndi makina ojambulila. Lelo lamya ya m'manja ndiyo igwila nchito imeneyo, ndipo woimba ndiye asankha yekha njila.

YouTube

YouTube inayamba mu 2005 ndipo kampani ya Google inaigula mu 2006. Ubwino wake ndi wakuti vidiyo imakhalapo zaka zambili, ndipo munthu aliyense angaipeze mwa kulemba dzina la nyimbo kapena la woimba. Woonelela angathenso kucepetsa kuwala kwa cithunzi, mwacitsanzo kufika pa 240p kapena 360p, kuti bandulo isathe msanga. Izi n'zothandiza kumene netiweki ya MTN, Airtel kapena Zamtel imagwila modukizadukiza.

Kulandila ndalama pa YouTube kuli ndi malamulo ake. Kuti chanelo ilandileko gawo la ndalama za otsatsa malonda, ifunika kukhala ndi olembetsa 1,000 ndi maola 4,000 oonelela m'miyezi 12, kapena olembetsa 1,000 ndi mavidiyo aafupi a Shorts amene aonedwa nthawi 10 miliyoni m'masiku 90. Pa mavidiyo aatali, mwini chanelo amalandila 55 pelesenti ya ndalamazo, ndipo zimatumizidwa zikafika pa madola 100. Dongosolo limeneli silili m'maiko onse, motelo woimba ayambe waona mndandanda wa maiko ololedwa asanayembekezele malipilo.

Facebook ndi WhatsApp

Facebook inayamba mu 2004, ndipo mu 2014 inagula WhatsApp. Zonse ziwili tsopano zili pansi pa kampani ya Meta. Mphamvu yake ili pa ubale. Vidiyo ya kwaya ya ku Sasare ikaikidwa pa Facebook, oyamba kuiona ndi anansi ndi abale okhala ku Lusaka, ku Chipata ndi ku Migodi, ndipo iwo ndiwo amaitumiza kwa ena. Vuto n'lakuti vidiyo imakwililika msanga ndi nkhani zatsopano, ndipo pakapita miyezi imavuta kuipeza.

WhatsApp imafikitsa nyimbo ngakhale kwa munthu amene satsegula malo ena alionse a pa intaneti. Koma imapanikiza vidiyo kuti icepe, ndipo cithunzi ndi mau zimatsika. Amene afuna kutumiza vidiyo kwa oulutsa mau kapena kwa wokonza zikondwelelo aitumize monga dokyumenti, cifukwa njila imeneyi siisintha vidiyo ndipo ilola kukula kofika pa 2 GB. Cina cofunika kudziwa n'cakuti vidiyo yoyenda pa WhatsApp siwelengedwa. Woimba sadziwa kuti aiona ndi anthu angati, ndipo palibe ngwee imene imabwelela kwa iye.

TikTok

TikTok inafalikila padziko lonse itaphatikizana ndi Musical.ly mu 2018. Imaonetsa mavidiyo aafupi ngakhale kwa anthu amene sanamvepo dzina la woimba. Kacigawo ka nyimbo kokhala ndi kavinidwe kokopa kangatengedwe ndi anthu ambili amene amajambula mavidiyo ao pa mau omwewo. Koma anthu angadziwe kacigawoko osadziwa mwini wake. Ndiye cifukwa cake dzina la woimba ndi la nyimbo ziyenela kulembedwa pa vidiyo yeniyeniyo, kuti zisatsale pamene ena aikopa.

Malo omvetselapo nyimbo

Pali malo ena amene nchito yao yaikulu ndi mau, osati zithunzi. Audiomack, imene inayamba mu 2012, ilola woimba kuika yekha nyimbo zake kwaulele. Boomplay inayambila ku Nigeria mu 2015 ndipo imapezeka kale m'malamya ambili a Tecno, itel ndi Infinix. Spotify inafika mu Zambia mu February 2021. Kuti nyimbo ilowe pa Spotify, woimba wopanda kampani amadzela mwa ofalitsa monga DistroKid, TuneCore kapena CD Baby. Ena mwa iwo amalipilitsa caka ndi caka, ena amalipilitsa kamodzi pa nyimbo ndi kutengako gawo la phindu. Malipilowo amakhala a ndalama zakunja ndipo amafuna khadi la kubanki.

Umwini wa nyimbo

Apa ndi pamene oimba ambili amataya thukuta lao. Kumene intaneti ndi yofooka, woimba amatha kupeleka vidiyo kwa mnzake wa kutauni kapena kwa wojambula kuti aiike pa chanelo yake. Zikatelo, olembetsa, ciwelengelo ca oonelela ndi ndalama zilizonse zimapita kwa mwini chanelo. Njila yabwino ndi yakuti akaunti itsegulidwe m'dzina la woimba kapena la gulu, ndi imelo ndi nambala ya lamya zimene eni ake asunga okha. Kwaya kapena gulu la gule ligwilizane polemba kuti ndani asunga mau acinsinsi otsegulila akaunti, ndiponso kuti ndalama zidzagawidwa motani.

YouTube ili ndi makina ochedwa Content ID, amene amayelekeza mau a vidiyo iliyonse yatsopano ndi nyimbo zimene ena analembetsa kale. Ngati woimba waimbila pa zing'wenyeng'wenye zokopa pa intaneti popanda cilolezo, vidiyo yake ingatsekedwe, kapena ndalama zake zingapite kwa mwini wa zing'wenyeng'wenyezo. Pamafunika pangano lolembedwa pakati pa woimba, wokonza nyimbo ndi wojambula vidiyo.

Mu Zambia umwini wa nyimbo umatetezedwa ndi lamulo la Copyright and Performance Rights Act la 1994. Bungwe la ZAMCOPS ndilo limasonkhanitsila opeka nyimbo ndalama pamene nyimbo zao ziimbidwa pa wailesi ndi m'malo a malonda. Pa nyimbo za makolo, monga zoimbidwa pa mwambo wa Tuwimba wa Mfumu Yaikulu Kalindawalo, ulemu ufuna kuti wojambula apemphe cilolezo kwa eni gule ndi kwa akuluakulu a mwambo asanafalitse.

Kasankhidwe kake

Palibe malo amodzi okwanilitsa zonse. Dongosolo loyenela woimba wa kumudzi ndi kukhala ndi malo amodzi osungilapo vidiyo yathunthu, monga chanelo yake ya YouTube, ndi kugwilitsa nchito Facebook, WhatsApp ndi TikTok potumiza tizigawo tatifupi pamodzi ndi linki yolozela kumeneko. Vidiyo yoyambilila isungidwe pa memori khadi kapena pa kompyuta m'malo awili osiyana, cifukwa akaunti ingabedwe kapena kutsekedwa. Kuika vidiyo yaikulu kumafuna netiweki yamphamvu, motelo n'kwanzelu kucita zimenezi pa ulendo wa ku Petauke kapena ku Nyimba.

Wailesi nayo ikali ndi malo ake. ZNBC Radio One, Breeze FM ya ku Chipata, ndi Explorers ndi PASME za ku Petauke zimafika m'nyumba zimene mulibe lamya ya intaneti. Womvela akamva nyimbo pa wailesi amakaifunafuna mwa dzina, motelo woimba alembe dzina lake mofanana ndendende pa malo onse amene waikapo nchito yake.