Nyale ya m'bwato ndi usipa wa pa Chitakale

Usipa umene amayi amagula pa msika wa Chitakale kapena ku Limbuli umagwidwa usiku pa nyanja ya Malawi, kutali ndi phiri la Mulanje, ndipo chimene chimaukopa ndi nyale. Boma la Mulanje lilibe nyanja lero, koma mpaka 1998, pamene Phalombe anakhala boma palokha, malire ake ankafika ku Chilwa, kwawo kwa matemba, mlamba ndi makumba. Mkungudza wa m'phirimo nawo unkatsika kukakhomera maboti, chifukwa suwola msanga m'madzi.

Moto wa pamadzi ndi wakale pa nyanja ya Malawi. David Livingstone anaona Chilwa mu April 1859 n'kufika ku nyanja yaikuluyo mu September, ndipo dzina lakuti Lake of Stars anthu amati linachokera kwa iye ataona kuwala kwa asodzi usiku. Makolo ankayatsa miuni. Kenaka zinabwera nyale za parafini zopopa, zotchuka ndi dzina la Tilley, zimene asodzi ankamangirira kunsonga kwa bwato. Masiku ano ambiri akugwiritsa ntchito mababu a LED olumikiza ku batire.

Mwini nyale ndi siginala. Amapalasa yekha patsogolo, n'kudikira kuti usipa usonkhane pansi pa kuwala, kenaka amautsogolera pang'onopang'ono kukamwa kwa chilimira, ukonde umene anzake amakoka ali m'mabwato ena. Ntchitoyi imafuna mdima weniweni. Mwezi ukawala kwambiri usipa subwera ku nyale, ndipo pakapita masiku ochepa milu ya pa Chitakale imachepa, mtengo n'kukwera.

Nyaleyo inalowa m'bwato chifukwa cha nsomba. Zoti wopalasa azioneka kwa oyendetsa sitima zinadza pambuyo, kudzera m'malamulo. Mu 1972 maiko anagwirizana ku London malamulo opewera kuombana kwa zombo panyanja zamchere. Lamulo la nambala 25 limakhudza ngakhale kabwato kopalasa ndi nkhafi: ngati kalibe nyale zokhazikika, wopalasa akhale ndi tochi kapena nyale yoyera pafupi, aionetse nthawi ikadalipo. Kuno kwathu za kayendedwe ka pamadzi zili m'lamulo la Inland Waters Shipping Act la 1995.

Chodetsa nkhawa n'chakuti pa gulu lonse la asodzi, woonekera patali ndi siginala. Okoka ukonde amakhala mumdima kuti nsomba zisabalalike, ndipo wobwerera kudooko batire itatha saoneka n'komwe. Sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda kuyambira 1951, imadutsa madziwo ndi usiku womwe, ndipo maboti a injini achuluka. Makomiti a asodzi a m'madooko, amene amayang'anira kale maukonde ndi nyengo yotseka nyanja, angathe kuonjezerapo lamulo limodzi losavuta: bwato lililonse lizinyamuka ndi tochi yapadera, yokulunga m'pulasitiki kuti isalowe madzi.