Nkhondo ndi mtendere m'boma la Moatize

Boma la Moatize, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, lidachita malire ndi Malawi pa Zóbuè. Anthu ake awoloka malire amenewa kawiri, akatundu ali pamutu, pothawa nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo.

Nkhondo yoyamba idabuka mu 1977, patangotha zaka ziwiri Mozambique italandira ufulu. Mtsogoleri woyamba wa Renamo, André Matsangaissa, adaphedwa mu 1979, Afonso Dhlakama n'kulowa m'malo mwake. Msewu wochokera ku Tete kudzera pa Moatize kukafika ku Zóbuè udasanduka wowopsa, mwakuti malole onyamula katundu wa Malawi ankayenda pamdipiti, moperekezedwa ndi asilikali a Zimbabwe. Pofika 1992 Malawi inkasunga othawa kwawo oposa miliyoni imodzi. Pa 4 Okutobala chaka chomwecho, Pulezidenti Joaquim Chissano ndi Dhlakama adasainirana pangano la mtendere ku Rome, amkhalapakati ali gulu la Akatolika la Sant'Egidio ndi Akibishopu Jaime Gonçalves wa ku Beira. Chisankho chidachitika mu 1994, anthu n'kubwerera kumabwinja awo.

Bata limeneli lidakhala zaka 21. Lidasweka mu Okutobala 2013 pomwe asilikali a boma adalanda msasa wa Dhlakama ku Gorongosa. Atagonja pa chisankho cha 2014, Dhlakama adati adamubera ndipo adafuna kulamulira zigawo zisanu ndi chimodzi, kuphatikizapo Tete.

Apa mpomwe moto udafika pakhomo. Kuyambira mu 2015 mfuti zidalira ku Nkondezi, m'dera la Zóbuè. Anthu adathawira ku Kapise m'boma la Mwanza, ndipo pofika Malichi 2016 adaposa 10,000, akugona m'zisakasa nthawi yadzinja. Ambiri adauza bungwe la Human Rights Watch kuti asilikali a boma ndiwo adawatenthera nyumba ndi nkhokwe powaganizira kuti amadyetsa a Renamo. Boma lidakana. Ndipo kumutenthera nkhokwe mlimi ndi kumupha pang'onopang'ono, popeza chakudya cha chaka chonse chimapsa tsiku limodzi. Malawi idatsegulanso msasa wa Luwani ku Neno, womwe udatsekedwa mu 2007.

Kumenyana kudaima mu Disembala 2016. Dhlakama adamwalira pa 3 Meyi 2018, ndipo pa 6 Ogasiti 2019 Pulezidenti Filipe Nyusi ndi mtsogoleri watsopano wa Renamo, Ossufo Momade, adasainirana pangano lina ku Maputo. Msasa womaliza wa Renamo udatsekedwa mu Juni 2023.

Komabe ku Moatize kuli mlandu wina womwe mapanganowa sadaukhudze, wa minda. Mu 2009 ndi 2010 kampani ya Vale idasamutsira mabanja oposa 700 ku Cateme, makilomita pafupifupi 40 kuchokera m'tauni, kuti ikumbe malasha pamalo awo. Anthu adadandaula za nthaka yamiyala, nyumba zong'aluka ndi kutalikirana ndi msika. Mu Januwale 2012 adatseka njanji yonyamula malasha, apolisi n'kuwabalalitsa ndi kumanga ena. Vale idagulitsa mgodiwo ku Vulcan mu 2022. Osamutsidwawo adatsala komweko.

Zisankho nazo zikadali bala. Ziwawa zotsatira chisankho cha Okutobala 2024 zidathamangitsiranso anthu masauzande ku Nsanje. Mfuti za Renamo zidatulidwa ndithu, koma malinga ngati wovota sakhulupirira chiwerengero cha mavoti, ndipo wa ku Cateme alibe munda womudyetsa, mtendere wa Moatize ngosadalirika.