Msuka wa khasu ndi moto wa magetsi

Ukadutsa pa Migowi, kwa T/A Kaduya, magetsi akakhala kuti alipo, umaona kuthwanima kwa owotcherera: uyu akulumikiza felemu ya chitseko, uyo kaliyala ya njinga ya kabaza, wina msuka wa khasu. Ambirife timangoti ndi luso la azungu. Inetu ndimakana pang'ono.

M'chaka cha 1859, David Livingstone atayenda kuchokera ku Shire mpaka ku nyanja ya Chilwa, anapeza Amang'anja akusungunula okha chitsulo m'ng'anjo, n'kumasula makasu, mipeni ndi mikondo. Mmisiri wosula ankadziwa kuti zitsulo ziwiri zikapsa mokwana pa makala a mvukuto, ukazimenya ndi nyundo zimagwirana n'kukhala chimodzi. Chachilendo ndi moto wa magetsiwu basi.

Nawonso unayamba movutika. Cha m'ma 1880, akatswiri a ku Russia, Nikolai Benardos ndi Nikolay Slavyanov, anasonyeza kuti magetsi angathe kusungunula ndi kulumikiza zitsulo. Koma waya wake unali wosakutidwa. Mpweya unkalowa m'chitsulo chosungunukacho, polumikizirapo n'kukhala timabowo, osachedwa kuthyoka. Oscar Kjellberg wa ku Sweden, yemwe ankakonza sitima zapamadzi, ndiye anakuta wayayo ndi mankhwala, cha m'ma 1907. Chokutacho chikamapsa chimatulutsa utsi wotchinga mpweya, n'kusiya nkhanambo ija mmisiri amagogoda akamaliza. Ndodo zowotcherera zomwe mumaona pa Migowi ndi zidzukulu zake.

Komabe pa 16 January 1943, sitima yatsopano yonyamula mafuta, Schenectady, inang'ambika pakati ili chiimire padoko ku Portland, m'dziko la America. Popanda namondwe, popanda bomba. Mng'alu unayambira pamalo owotchereredwa molakwika, ndipo chitsulocho chinali choti kukazizira chimasweka ngati galasi. Sitima zakale zomanga ndi misomali, mng'alu unkathera pomwe chitsulo china chathera. Iyi yonse inali chitsulo chimodzi, ndiye unangoyenda.

N'chifukwa chake ine ndikamagula felemu sindikopeka ndi penti. Mmisiri wothamangira kumaliza magetsi asanazime amangodontheza timadontho pamwamba, moto osalowa mkati, kenako n'kupaka. Zinandionekerapo: kaliyala inathyoka ndili ndi thumba la nandolo, msika ukadali kutali. Agogo anaiyang'ana, n'kuloza khasu lawo losula, lomwe msuka ndi khasulo ndi chitsulo chimodzi. Mipini ndiye yasinthidwa kambirimbiri.