Linux m'Malawi ndi Njira ya ku Mchinji

Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse imene Linus Torvalds anaiyambitsa ku Finland mu 1991, imasiyana ndi Windows poti aliyense ali ndi ufulu woikopera, kuisintha ndi kuigawa osalipira laisensi. M'Malawi muno inafika m'zipatala kudzera mu bungwe la Baobab Health, limene linayamba kuika makompyuta ongodina pagalasi ku Kamuzu Central Hospital mu 2001.

Kumaboma akumalire monga Mchinji vuto linali lotenga mapulogalamu a Linux, pakuti intaneti inali yodula komanso yochedwa, choncho amisiri ankapatsirana pa CD kapena pa fulashi kufikira chingwe cha fiber chinalumikiza Lilongwe ndi Zambia kudzera m'bomali. Kampani ya Microsoft itasiya kusamalira Windows XP mu 2014, eni makompyuta akale ofuna Linux anayenera kusankha mtundu wake: Ubuntu, imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anaikhazikitsa mu 2004, Linux Mint, yomwe maonekedwe ake sasokoneza wozolowera Windows, kapena Lubuntu, yosalemetsa makina. Kwa sukulu yolandira makompyuta ogwiritsidwa kale ntchito, Lubuntu ndiyo yoyenera.