Bwalo lomwe linasamuka lisanamangidwe

Mkangano wa malo omangapo Bingu National Stadium unabuka njerwa isanayalidwe ndi imodzi yomwe. Poyamba bwaloli linkayenera kumangidwa ku Lilongwe, koma boma la Bingu wa Mutharika linalisamutsira ku Blantyre, kenaka mu 2012 boma la Joyce Banda linalibweza. Anthu a ku Blantyre anali ndi mfundo yomveka: kwawo ndiye kuchimake kwa Bullets ndi Wanderers, matimu okoka khwimbi la anthu. Komatu mzindawu unali kale ndi Kamuzu Stadium, ngakhale yokalamba, pomwe Lilongwe, likulu la dziko kuyambira 1975, inkangodalira mabwalo aang'ono monga Civo ndi Silver. Bwalo la dziko lonse samangira matimu awiri ayi. Limafunika pakati, kuti wa ku Karonga ndi wa ku Nsanje agawane mtunda. Linatsegulidwa ku Area 48 ku Lilongwe mu 2017, ndipo pamenepo mpoyenera.