Kuchokera kwa Nthondo kufika kwa Azotus

Anzanga, mukudziwa kuti pomwe njanji ya Nkaya mpaka Nayuchi inkatsegulidwa mu 1970, buku la Nthondo linali kale ndi zaka 37? Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, adalilemba m'Chinyanja, lidapambana mpikisano wa bungwe lina la ku London n'kutuluka mu 1933. Chaka chotsatira Cullen Young adalimasulira kukhala Man of Africa, ndipo mawu otsogolera adalemba ndi Julian Huxley, mkulu wake wa mlembi wa Brave New World.

Komatu nkhani zongopeka za m'tsogolo ife tidachedwa nazo. Azotus the Kingdom la Shadreck Chikoti, lonena za Africa patadutsa zaka 500, lidatuluka mu 2015, koma m'Chingerezi. Nanga mwana wa pa Nayuchi, amene Chingerezi sichinamulowe, za m'tsogolozi aziwerenga kuti?