Kodi moyo ndi wochipa kuti, ku Joni kapena kwathu?

Ngati muli ndi m'bale amene amagwira nchito ku South Africa, mwina munamumvapo akunena kuti, "Kwathu kuno zinthu nzochipa, ase!" Amanena zimenezi mu Disembala, ali ndi marandi m'thumba, akugula nkhuku pamsika wa Ulongwe osanenerera n'komwe. Koma mukamufunsanso mu Febuluwale, ngati sanabwerere ku Joni, mudzamva nyimbo ina. Nkhuku ndi yomweyo ndipo mtengo wake sunasinthe kwenikweni. Casintha n'cakuti tsopano akuigula ndi ndalama imene waipeza kuno.

Nkhaniyi ndi ya inu amene muli kunja ndipo mukuganiza zobwerera, komanso inu amene muli kumudzi mukuganiza zopita. Anthu ambiri akamayerekezera mitengo amangosintha randi kukhala metikali, basi. M'zaka zaposacedwa randi imodzi yakhala ikugula mametikali apakati pa 3 ndi 4, ndiye munthu amangoculukitsa m'mutu. Kuwerengera kotereku kumasoceretsa. Funso labwino ndi lakuti: kodi ndigwire nchito maola angati kuti ndigule cinthu cimeneci?

Lita imodzi ya gazolina

Tiyambe ndi mafuta a galimoto, cifukwa ndi cinthu cofanana kulikonse. Ku South Africa boma ndi limene limaika mtengo wa gazolina, amene kumeneko amati petulo, ndipo mtengowo umasintha Lacitatu loyamba la mwezi uliwonse. Ku Johannesburg umakhala wokwera pang'ono kuposa ku Durban, cifukwa Durban ali m'mbali mwa nyanja pomwe mafuta amafikira. M'caka ca 2024 lita imodzi ku Johannesburg inkasinthasintha pakati pa marandi 21 ndi 26.

Kuno ku Mozambique mtengo umalengezedwa ndi bungwe la ARENE, ndipo susintha mwezi ndi mwezi ngati kwa anzathuwo. Mafuta amalowa pa madoko a Matola, Beira, Nacala ndi Pemba, ndipo akamapita kutali ndi doko mtengo umakwera cifukwa ca ulendo wa magalimoto onyamula. N'cifukwa cake wa ku Tete kapena ku Lichinga amalipira zambiri kuposa wa ku Maputo. M'caka comweco ca 2024 lita ya gazolina ku Maputo inali pafupifupi mametikali 86.

Mukasintha marandi aja pa 3 ndi theka, mupeza mametikali apakati pa 74 ndi 91. Ndiye kuti mtengo ndi wofanana ndithu. Munthu akhoza kunena kuti palibe kusiyana.

Tsopano onani malipiro. Kuyambira mu Marici 2024, lamulo la ku South Africa linkati wanchito asalandire zocepera R27.58 pa ola. Munthu ameneyu akagwira ola limodzi, wagula lita yake ndipo cenji catsala. Kuno malipiro ocepetsetsa amasiyana malinga ndi mtundu wa nchito, ndipo wogwira nchito zaulimi mu 2024 anali pa mametikali 6,338 pamwezi. Mukagawa ndalamayi ndi maola a mwezi wonse, pa maola 48 pamlungu, mupeza pafupifupi mametikali 30 pa ola. Kuti agule lita yomweyo ayenera kukhetsa thukuta pafupifupi maola atatu. Mafuta ndi amodzi, mtengo ndi umodzi, koma kuno ndi olemera katatu.

Tisaiwale kuti ambiri mwa abale athu ku Joni salandira ngakhale malipiro alamulowo. Wopanda mapepala, wogwira maganyu a tsiku ndi tsiku, wa kumunda kwa mzungu ku Limpopo, nthawi zambiri amangolandira zimene bwana wanena. Conco powerengera gwiritsani nchito ndalama imene imalowadi m'thumba mwanu.

Pali cinanso. Kumidzi yambiri ya ku Angónia, Tsangano kapena Macanga, malo omwetsera mafuta ali kutali. Mafuta mumagula m'mabotolo pamsewu, kwa mnyamata amene nayenso wakagula kutauni ndipo afuna phindu lake. Lita ya m'botolo ndi yodula kuposa ya papampu, ndipo siidzadza bwino nthawi zonse. Inu a m'malire mukudziwanso kuti mafuta akasowa ku Malawi, monga zinacitikira kumapeto kwa 2024, zigubu zimawoloka kucokera tsidya lino, ndipo wa botolo uja amakweza mtengo.

Galimoto, pomwe ndalama zambiri zimathera

Loto la pafupifupi aliyense wopita ku Joni ndi kubwera akuyendetsa yekha. Palibe colakwika ndi loto limeneli. Koma galimoto ndi pomwe anthu obwerera amatayira ndalama zambiri kuposa pena paliponse, ndiye tikhalepo pang'ono.

N'zoona kuti ku South Africa galimoto zakale zilipo zambiri. N'zoonanso kuti maiko onse awiri amayenda kumanzere kwa msewu, conco ciwongolero ca galimoto ya kumeneko cili mbali yoyenera kuno. Vuto limayamba pa malire. Mukabwera kudzaceza, galimoto ya nambala yakunja imalowa ndi cilolezo ca kanthawi, nthawi zambiri ca masiku 30, ndipo mumagulanso inshuwalansi, imene kuno timati seguru. Izi nzocepa. Koma mukafuna kuti galimoto ikhale kuno mpaka kalekale, muyenera kuilipirira ku Alfândega: msonkho wolowetsera katundu, msonkho wina wochedwa ICE, ndiponso IVA, imene kuyambira 2023 ili pa 16 peresenti. Misonkhoyi imasanjikizana, wina pamwamba pa unzake, ndipo kukula kwake kumadalira mtengo wa galimoto, kukula kwa injini ndi zaka zake. Mukatero ndiye kukalembetsa ku INATRO kuti mulandire nambala ya kuno. Musanacoke ku South Africa mufunikanso kalata ya apolisi yotsimikiza kuti galimotoyo si yobedwa, ndipo ngati munaigula pangongole ya kubanki musanamalize kubweza, banki iyenera kukulolani kuituluka nayo.

Anthu ena amaganiza zozemba zonsezi. Amalowa ndi cilolezo ca masiku 30 cija, masiku amatha, galimoto amangoyenda nayo m'tinjira ta kumudzi poopa apolisi a pamsewu. Mapeto ake mumaidziwa nokha: galimoto yaima pansi pa mtengo wa mango, matayala aphwa, nkhuku zikuikiramo mazira. Singagulitsidwe pamtengo wabwino cifukwa ilibe mapepala.

Dziwaninso ici. Dziko la South Africa sililola kuti galimoto zakale za ku Japan zizigulitsidwa kwa anthu a m'dzikomo, pofuna kuteteza mafakitale ake. Zimene zimatsika ku Durban zimangodutsa kupita ku maiko oyandikana nawo. Kuno zimaloledwa, ndipo n'zimene zadzadza m'misewu yathu. Tanthauzo lake n'lakuti makaniko wa ku Moatize kapena ku Ulongwe anazolowera Toyota ya ku Japan, ndipo zitsulo zake amazipeza pafupi. Mukabwera ndi mtundu umene ndi wofala ku Gauteng koma wosowa kuno, kacitsulo kakang'ono kakhoza kukuimitsani mwezi wathunthu mukudikira kuti wina abwere nako pabasi. Musanagule, imbirani foni makaniko wa kwanu mumufunse kuti, "Aphiri, galimoto yakutiyakuti mumaikonza?" Yankho lake ndi lofunika kuposa mawu okoma a wogulitsa. Nthawi zina kubwera ndi ndalama n'kudzagula galimoto imene ili kale ndi nambala ya kuno kumakhala kwanzeru kuposa kubwera ndi galimoto.

Nanga ulendo weniweniwo? Kucoka ku Johannesburg kudzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Cuchamano mpaka mumzinda wa Tete ndi pafupifupi makilomita 1,500, ndipo kukafika ku Ulongwe muwonjezere oposa 200. Tinene kuti galimoto yanu imamwa malita 8 pa makilomita 100. Ndiye kuti pobwera pokha mufunika malita pafupifupi 140, kubwera ndi kubwerera 280. Pa mtengo wa mametikali 86 uja, ndi ndalama yokwana 24,000, pafupifupi malipiro a miyezi inayi a wanchito wa kumunda. Apa sitinawerengere zolipira podutsa ku Zimbabwe, komwe galimoto yakunja imalipira cilolezo, seguru ndi misonkho ya pamsewu. Mukasankha njira ya ku Ressano Garcia, kudzera ku Maputo, Inchope ndi Chimoio, mwapewa malire a Zimbabwe koma ulendo watalika kwambiri, ndipo mbali zina za msewu wa N1 sizicitira cifundo matayala.

Galimoto ikakhazikika kuno imadyabe caka ndi caka: seguru, kupimitsa, msonkho wa kukhonsolo umene ambiri amati manifesto. Misewu ya dothi nyengo ya mvula imatha masipiringi ndi matayala msanga kuposa phula la ku Joni. Ndiye palinso abale. Galimoto ikakhala imodzi m'mudzi, ndiyo ambulansi, ndiyo yonyamula maliro, ndiyo ya ukwati, ndipo si onse amene amakumbuka kuti imamwa mafuta. Kukana n'kovuta, paja ndi amalume anu.

N'cifukwa cake ambiri amene anawerengera bwino amasankha mota. Imamwa pang'ono, imadutsa pomwe galimoto yalephera, aliyense amadziwa kuikonza, ndipo ikhoza kunyamula anthu n'kubweretsa ndalama tsiku lililonse. Ilibe ulemu wa galimoto, inde, koma siigona pansi pa mango.

Nyumba, cakudya ndi zina

Apa ndiye kwathu kumapambana, koma osati kwambiri monga anthu amaganizira. Ku Diepsloot, Tembisa kapena Alexandra, ciliconse ndi ndalama. Kacipinda kamalata kuseli kwa nyumba ya munthu mumalipira lendi mwezi uliwonse. Magetsi kapena parafini mugule. Ufa mugule, masamba mugule, ngakhale tsabola. Takisi yopita kunchito ndi yobwerera imadya gawo lake tsiku lililonse, ndipo miyezi ya Juni ndi Julayi kumazizira koopsa kotero kuti muyenera kuwotha moto wogula. Wolandira malipiro ocepetsetsa alamulo mu 2024 ankapeza pafupifupi marandi 5,400 pamwezi. Mukawasintha ndi pafupifupi mametikali 19,000, ndalama yooneka yambiri kwa munthu wa kumudzi. Koma mukacotsa lendi, takisi ndi cakudya, yotsala yotumiza kwanu ndi yocepa, ndipo wotumizira ndalama, kaya ndi Mukuru kaya ndi woyendetsa basi, amadulaponso yake.

Kumudzi nyumba ndi yanu, cimanga cili m'nkhokwe, mbatata ya kacewere ndi kabici zili kudimba, nkhuni mumatola. Zimenezi ndi cuma ceniceni ngakhale sizioneka ngati ndalama, ndipo poyerekezera muziziwerengera. Komabe cimanga cija sicimera caulere. Feteleza, mbewu, aganyu opalira ndi cigayo, zonse zimafuna metikali, ndipo zimafuna pa nthawi imene m'nyumba mulibe ndalama. Zinthu za m'fakitale, monga mafuta ophikira, sopo, malata, simenti ndi foni, kawirikawiri sizochipa kuno kuposa ku Joni, cifukwa zambiri zimacokera kutali. Ndipo ngati mukubwerera kukakhala mumzinda wa Tete osati kumudzi, iwalani za nkhokwe. Kumeneko lendi, Credelec, madzi ndi shapa zikudikirani, pa malipiro a kuno.

Amene ali ku Portugal nkhani yawo ndi yomweyi, kungoti manambala ndi aakulu. Malipiro ocepetsetsa kumeneko anali mayuro 820 pamwezi mu 2024, oposa mametikali 55,000. Koma ku Lisboa cipinda cimodzi cokha cikhoza kudya theka la ndalamayo. Galimoto za kumeneko ciwongolero cili kumanzere, ndiye za kubwera nayo musavutike n'kuganiza.

Mmene mungawerengere nokha

Tengani pepala muligawe pakati. Mbali imodzi lembani zimene mumalandira pamwezi kunjako, kenako cotsani lendi, cakudya, mayendedwe, magetsi, foni ndi zolipira potumiza ndalama. Ulendo wa Disembala muugawe pa miyezi 12 n'kuucotsanso. Cotsalaco ndico phindu lenileni la kukhala kunja.

Mbali inayo ndi yovuta, cifukwa muyenera kunena zoona. Musalembe ndalama imene mubwere nayo, imeneyo itha. Lembani zimene mudzapeze kuno mwezi ndi mwezi ikatha: matumba angati a mbatata mudzagulitse, mota idzabweretsa zingati patsiku mutacotsa mafuta, kagolosale kadzapindula bwanji m'miyezi ya njala pomwe aliyense akupempha ngongole. Mitengo musafunse kwa mnzanu wa ku Joni amene anabwera caka catha. Funsani mlongo wanu amene amagula mcere ndi sopo pamsika mlungu uliwonse. Ngati pali galimoto, pitani ku ofesi ya Alfândega kapena kwa despashanti wovomerezeka ndi mtundu wake, caka cake ndi kukula kwa injini, akuwerengereni msonkho papepala musanapereke randi ngakhale imodzi kwa wogulitsa.